Pansi pa Miyala ya Kasumbi

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku limene Tusa, mwana wanga mmodzi yekhayo, anabwera ndi kalata yoti wasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Anandipeza pamsika wa pa Boma la Chitipa nditayala tomato pathumba. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri. Azimayi anzanga anayamba nthungululu, ine ndikumwetulira nawo, koma maso anga anali pa timilu ta tomato timene chiyalireni m'mawa panalibe amene anafunsa mtengo wake. Bambo ake a Tusa anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ine n'kubwerera kwathu kukakhala ndi amama. Kadimba kathu kanali kothirira ndi ndowa, ndipo sikakanaphunzitsa mwana.

Nditafika kumudzi ndinakawauza alongo anga aakulu, a Wongani, popeza malo onse amene anasiya adada anali m'manja mwawo. Ndinawapeza akusenda nzimbe.

"Pita, dumbu," anatero, poti kwathu mlongo timamutcha choncho. "Amama ndi mwanayu tiwaona ife. Ukakapeza kangachepe tidzagule injini yopopera madzi. Dimba likakula, palibenso wina amene adzachoke pakhomo pano kukafuna ntchito kwa eni."

Dimbalo lili m'mbali mwa Kasumbi, kamtsinje kotsika kuchokera kumapiri a cha ku Mafinga. Nthawi imeneyo ukafuna kufika pamadzi unkachita kuwerama, kudutsa pansi pa mitengo ya katope ndi mikuyu. Madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa, ngakhale mu Okutobala. Kumunsi kwa dimba kunali dziwe lolekeza m'chifuwa, ndipo azimayi tinkalowamo ndi madengu n'kuvuula matemba okwanira ndiwo za masiku awiri. Nkhanu zinali za ana, milamba inali ya amuna a mbedza. Ine sindinkaonapo chachilendo. Unali mtsinje basi, moti tsiku lonyamuka sindinatsikeko n'komwe.

Miyezi yoyamba ku Joni ndinagwira ntchito ya m'nyumba mumzinda, kwa mayi wina amene ankawerenga mazira a mufiriji asanapite kuntchito. Kenako mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti pafamu ina yoweta nsomba, kumapiri a kum'mawa, akufuna anthu. Nsomba zake zinali zamawangamawanga, amazitcha tirauti, zokonda madzi ozizira. Ankaziweta m'ngalande zasimenti, madzi ake ochokera mumtsinje wa m'phiri. Ntchito yanga inali kuzitumbula ndi kuziyala mu ayezi. Ndinkayesa kuti chisanu ndikuchidziwa poti ndinakulira ku Chitipa, koma kumeneko kunkacha udzu utayera, ndipo zala zanga zinang'ambika mpaka ndinkavutika kumanga chitenje.

Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Rudo, mayi wa ku Zimbabwe amene anali atakhalitsa pafamupo. Iye ankalankhula Chishona, ine Chichewa, pakati pake tikuthirako Chizulu chathu chothyokathyoka, ndipo tinkamvana. Lolemba lililonse Rudo ankakwera kumtunda kumene madzi a famu ankapatukira, atanyamula beseni loyera ndi kaukonde. Ankafuna munthu womugwedezera miyala, ndipo anasankha ine chifukwa sindinkaopa kulowa m'madzi.

Tsiku loyamba ndinaseka. Ndinaima pakati pa mtsinje ndikupondaponda miyala ndi jombo, iye atatchera kaukonde kumunsi kwanga. Atakhuthulira zimene anakola m'beseni muja, ndinangoona zinyalala. Anandiuza kuti ndidikire. Madzi atadekha, zinyalalazo zinayamba kuyenda. Munali tizilombo taphwatalala, tokhala ndi michira itatu yopyapyala ngati tsitsi. Munali tina timene tinali titadzimangira tinyumba ta mchenga ndi tizitsotso, tikuyenda titasenza nyumba zathu zomwezo. Munali ana a tombolombo, a maso aakulu, ndi kankhanu kamodzi.

"Bwana amawerenga nsomba," anatero Rudo. "Ine ndimayamba ndafunsa awa. Madzi akayamba kuipa, oyamba kuthawa ndi a michira itatuwa. Nsomba zimafa pambuyo."

Sanandiphunzitse tsiku limodzi ayi. Zinkabwera pang'onopang'ono, Lolemba ndi Lolemba. Madzi ozizira, othamanga pamiyala, amanyamula mpweya wambiri, pomwe ofunda ndi odikha amakhala ndi wochepa. Mthunzi wa mitengo ndi umene umawaziziritsa. Masamba ogwera m'madzi ndi ndere za pamiyala ndiye chakudya cha tizilomboto, ndipo tizilomboto ndiye chakudya cha nsomba. Matope akachuluka amatseka mipata ya pakati pa miyala, m'mene timabisalamo ndiponso m'mene nsomba zina zimaikiramo mazira. Ukapeza m'beseni mwangotsala tinyongolotsi tofiira, misundu ndi nkhono, dziwa kuti mtsinje ukudwala, chifukwa zimenezo zimapirira ngakhale m'ngalande za m'tauni.

Chaka changa chachitatu tinazionera ndi maso. Kumtunda kwa famu anthu anayamba kudula nkhalango ya paini, mathirakitala akukoka zipika kuwolotsa mtsinje. Masabata atatu otsatizana beseni la Rudo linkatuluka lopanda a michira itatu aja. Anakamuuza kapitawo, koma iye anati malinga nsomba zikudya, palibe vuto. Kenako kunatentha masiku angapo, mvula yamphamvu n'kugwa, madzi n'kubwera ofiira ngati thobwa la mawere. M'mawa mwake tinapeza nsomba zitayandama chagada ngalande zonse. Tinatha masiku awiri tikuzituta ndi mawilibala kukazikwirira. Anzathu ena anachotsedwa ntchito, ndipo ife otsalafe tinakhala miyezi ingapo tikulandira mwapatalipatali.

Zimenezi kwathu sindinanene. Ndinkajambulitsa chithunzi pafupi ndi maluwa a kunyumba kwa bwana, nditavala jekete la Rudo, n'kutumiza. Sindinanene kuti masiku a pasipoti yanga anatha kalekale, moti ndinkaopa kupita kutauni, ndipo ndalama ndinkachita kutumiza Rudo kuti akanditumizire. Sindinanene za Lamulungu masana, anzanga onse atachoka, ine nditakhala pakhomo la chipinda ndikumvetsera mobwerezabwereza uthenga wa mawu umodzi womwewo wa amama, umene ankangonena za mbuzi imene yaswa mapasa. Tusa anakula ndikumumva pafoni. Poyamba ankandiuza zonse, mpaka za mnzake amene anamubera sopo. Pofika Fomu 3 ankangoyankha kuti, "Tili bwino, mami," kenako n'kudikira kuti ndifunse china.

Nawonso kwathu ankanditumizira zabwino zokhazokha. Chaka chachiwiri injini inagulidwa, mapaipi, kenako sipuleya yopoperera mankhwala. A Wongani ankajambula mizere ya tomato ndi anyezi, chithunzi chilichonse dimba likuoneka lalikulu kuposa chapitacho. Ndinkaonetsa Rudo monyadira. Tsiku lina ndinafunsa amama ngati akudyabe matemba a m'Kasumbi.

"Masiku ano tikudya usipa wa ku Karonga, mwanangu, wogula," anatero.

Ndinasangalala. Ndinkayesa akunena kuti tsopano tikupeza bwino.

Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri. Famu itagulitsidwa, mwini watsopano anafuna kuona mapepala a aliyense, ndipo ine ndinalibe choonetsa. Apo n'kuti Tusa atalowa kale kukoleji ya aphunzitsi, choncho ndinaona kuti chimene ndinapitira chatheka. Rudo anandiperekeza pamsewu n'kundipatsa kaukonde kake kakale. Anati ndizikasefera ufa ngati kwathu kulibe mtsinje.

Pa Boma ndinatsika ngati mlendo. Njinga zamoto zinali paliponse, anyamata ake akundiitana kuti "amama a ku Joni" ndisanalankhule n'komwe. Kumudzi ndinapeza nyumba ya amama ili ya malata. Alamu anga a Nachone, akazi a alongo anga, anandithamangira panjira akunena kuti, "Monire, monire, mwafika makora?" ndipo tinakumbatirana tikulira. Amama anali atachepa thupi, akuyendera ndodo. Anagwira manja anga n'kuwatembenuza, kuyang'ana zipsera za m'zala.

M'mawa mwake ndinatenga zovala zapaulendo kuti ndikachape. Ndinayenda pakati pa mizere ya tomato ndikuyembekezera kufika pamitengo ija, koma ndinangozindikira ndaima pagombe. Tomato anali atafika mpaka pamlomo pa mtsinje, ndipo mzere womaliza unali utagumukira m'madzi theka. Kasumbi anali atatambalala kawiri kuposa kale, koma madzi ake osapitirira akakolo, akuyenda mwaulesi pamchenga. Nditapondamo anali ofunda. M'mbali munali ndere zobiriwira zotanuka ngati ulusi. Pamene panali dziwe paja panali mchenga umene mwana akanatha kuwolokapo osanyowetsa kabudula.

Ndinasiya zochapa n'kuyamba kufuna mwala woti nditembenuze. Ndinachita kuufukula ndi zala. Pansi pake panali matope akuda onunkha ndi tinyongolotsi tofiira. Ndinafukula wachiwiri, wachitatu, mpaka ndinasiya kuwerenga. Nkhono zinalipo zambiri. China chilichonse panalibe.

Nditakweza mutu ndinaona alongo anga chakumtunda pang'ono atawerama, akutsuka sipuleya, thovu loyera likutsika ndi madzi kubwera kumene ndinaima.

"Adumbu, mankhwalawo mukutsukira mumtsinje?"

"Nanga nditsukire kuti?"

"Mtsinje mwaupha. Mitengo yonse ija mwadula, dziwe lakwiririka, pansi pa miyala palibe chamoyo. Ku Joni munthu wochita zimenezi amamangidwa."

Mawu omalizawo mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Anaweramuka pang'onopang'ono n'kupukuta manja pathalauza.

"Wafika dzulo, Lusayo," anatero. "Miyezi ija sunkatumiza kanthu, unkayesa mwana wako akudya chiyani kusukulu? Matemba? Malata amene wagona pansi pakewo achokera pomwe waimapo. Injini unagula ndiwe. Sipuleya iyi unagula ndiwe. Lero wabwera ndi zakuJoni kudzandiphunzitsa mtsinje umene ndakhala nawo masiku onse."

Anaberekera sipuleya kumsana n'kukwera kumtunda.

Tinatha pafupifupi mwezi tikungopatsana moni. Pakhomo pamodzi zimenezi zimapweteka aliyense. Amama anasiya kudya bwino. Ine ndinayamba kudziona ngati mlendo amene wakhalitsa: malo si anga, dimba si langa, mwana ali kukoleji. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti alongo anga sananame. Ndalama zanga ndi zimene zinadula mitengo ija, ndipo ine ndinkaombera m'manja chithunzi chilichonse. Ndinaimbira Rudo kumufunsa ngati kuli ntchito kwina. Anati andifunsira, koma anawonjeza kuti mawu anga akumveka ngati a munthu wothawa, osati wofuna ntchito.

Tsiku lina a Nachone anandipeza ndikusesa. Ananyamula zigubu ziwiri, chimodzi n'kundipatsa.

"Alamu, tiyeni mukandithandize madzi akumwa."

Sitinatsikire kumtsinje kwapafupi. Tinakwera kumtunda, kumapeto kwa malo a adada, kumene Kasumbi amadutsa pakati pa matanthwe. Kachigawo kameneko alongo anga anawapatsa a Nachone kuti azilimapo masamba awo, poti n'kotsetsereka ndipo paipi sifikako. Iwo anabzala nthochi ndi mpiru chapatali, koma mitengo ya m'mbali mwa madzi sanaikhudze. Titalowa pansi pake ndinamva kuzizira kumaso. Mtsinje pamenepo unali wopapatiza, ukulira pamiyala. Ndinagwada n'kutembenuza mwala umodzi, ndipo tizilombo taphwatalala tija tinabalalika kuthawira kumbali ina ya mwalawo, michira itatu ili piringupiringu. Pamwala wachiwiri panali tinyumba ta mchenga titamatirira mundandanda. Mumthunzi wa thanthwe munadutsa gulu la matemba, ang'onoang'ono koma ambiri.

Ndinakhala pansi pomwepo, mwala uli m'manja. Ndinayamba kuwafotokozera a Nachone za mpweya, za mthunzi ndi za matope, monga ankachitira Rudo. Anandimvetsera mwaulemu akudzaza chigubu.

"Mayina ake sindiwadziwa," anatero nditamaliza. "Ife timangoti ndi chakudya cha matemba. Pomwe palibe timeneti, dengu limatuluka lopanda kanthu. Ndakhala ndikuwauza alongo anu zaka zinayi."

"Ndiye amati chiyani?"

"Amati injini ndi ya Lusayo. Amati mwana wa amama akufa ndi chisanu kwa eni kuti dimba likule, ndiye ife tikalichepetsa tidzamuonetsa chiyani? Chaka chilichonse ankadula mtengo wina kuti chithunzi chanu chioneke bwino. Mkuyu waukulu wa padziwe uja anaudula okha, osaitana munthu, ndipo tsiku limenelo sanadye."

Anandiuzanso zimene zithunzi sizinkaonetsa. Injini inali itawonongeka katatu chifukwa chokoka mchenga. Mu Okutobala madzi ankathera pansi, moti ankachita kukumba dzenje pakati pa mtsinje kuti paipi ipeze chokoka. Dzinja lililonse gombe linkagumuka n'kupita ndi mizere iwiri kapena itatu. Ana a kumunsi anayamba kukodza magazi, ndipo achipatala anati ndi likodzo, lochokera ku nkhono za m'madzi odikha.

"Bwanji simunandiuze pafoni?"

"Inu munatiuza za manja anuwo?" anatero, n'kusenza chigubu chawo.

Mawa lake ndinawapeza alongo anga kudimba akumangirira tomato kumitengo. Ndinakhala pansi pamzere, monga amakhalira mlongo kwa mkulu wake, n'kupepesa chifukwa cha kalankhulidwe kanga. Kenako ndinawauza za ku Joni zenizeni: za mayi wa mazira uja, za pasipoti, za jekete lobwereka, za nsomba zimene tinakwirira masiku awiri. Anamvetsera osasiya kumanga. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Jekete lofiira lija silinali lako?"

"Linali la Rudo."

Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa, n'kukhala pansi nawonso. Anati iwonso anatopa nako kukonzetsa injini, ndipo akaona mmene gombe likudyekera amadziwa kuti ana awo adzapeza dimba litatha. Koma kubweza tomato m'mbuyo n'kutaya ndalama zooneka ndi maso, pofuna nsomba zimene mwina sizidzabweranso. Ndinapempha kuti tisiye osalima mapazi khumi kuchokera pamadzi. Iwo anati anayi. Tinakangana mpaka dzuwa kufika pamutu, n'kugwirizana asanu ndi limodzi, ndiponso kuti sipuleya azitsukira padzenje limene ndidzakumbe ndekha kumtunda, kutali ndi mtsinje. Za mizere imene idzatayike ndinati ndilipira ndi manja anga: ndizigwira nawo ntchito m'dimbamo, asalembenso waganyu.

"Yewo," anavomera pomaliza. "Koma zikakanika, tomato abwerera."

Ntchitoyo sinayende mokoma ngati m'nkhani. Alangizi a zaulimi, bambo wina wa ku Ntcheu amene Chitumbuka chake chinkathera pa moni, anatipatsa mbewu ya vetiva. Tinabzala mizere iwiri, kutsogolo kwake nsenjere ndi bango, ndipo ine ndi a Nachone tinazula timitengo ta katope kumatanthwe kuja n'kudzawokera kumunsi, pamodzi ndi nthambi za mkuyu. Mbuzi za aneba zinadya theka. Mvula yoyamba itagwa, madzi osefukira anakokolola zambiri mwa zotsalazo. Anthu odutsa ankaima n'kumafunsa ngati ku Joni ndinaphunzira kulima udzu. Alongo anga sanandinyoze, koma sanandithandizenso kubzala kachiwiri. Anangondibwereka khasu lawo labwino.

Chaka chachiwiri vetiva anagwira. Gombe silinagumuke dzinja limenelo, ndipo zimenezo alongo anga anaziona okha ndisanawauze. Bango litakula linayamba kugwira mchenga m'mbali, mtsinje n'kuyamba kupapatiza. Madzi akapanikizika amathamanga, ndipo akathamanga amasesa okha pansi pake. Miyala imene ndinkachita kufukula ija inayamba kuonekera. Tinagubuduzira chitsa cha mkuyu uja pamene panali dziwe, ndipo madzi pozungulira chitsacho anakumba kadzenje kolekeza m'mawondo. Tinagwirizananso kuti paipi isamalowe m'kadzenjeko miyezi yotentha, izikoka chakumunsi.

Kaukonde ka Rudo sikanasefe ufa. Mwezi uliwonse ndinkatsika nako ndi beseni loyera limene ndinagula kumsika wa ku Lufita. Kwa nthawi yaitali munkatuluka nyongolotsi ndi nkhono zomwe zija. Kenako munayamba kupezeka ana a tombolombo. Tsiku limene ndinapeza ka michira itatu kamodzi kumunsi kwa dimba, ndinakajambula n'kutumizira Rudo. Anayankha kuti, "Kamodzi ndi mlendo. Ukapeza khumi undiuze." Ndinamuuza patatha miyezi isanu. Tizilomboto tinatsika tokha kuchokera kumatanthwe kwa a Nachone, palibe anatinyamula.

Sindinganame kuti Kasumbi wabwerera mwakale. Mitengo ya katope idakali yolekeza m'mapewa, mthunzi wake sunafike pakati pa madzi. Kumtunda kwenikweni kuli anthu amene akuumba njerwa pagombe, ndipo mvula ikagwa madzi amabwerabe ofiira. Mwa aneba athu, awiri anabwera kudzapempha vetiva ataona kuti gombe lathu laima. Wachitatu anatiuza kuti iye sadya tizilombo. Anyamata a njinga zamoto amatsukabe njinga zawo pachiwoloko. Milamba ikuluikulu ija sindinaionenso. Koma Tusa, amene tsopano akuphunzitsa pasukulu ina chakufupi ndi Boma, anabwera patchuthi n'kutsika nane kumtsinje. Anagwira beseni ine ndikugwedeza miyala, ndipo tinacheza tsiku limenelo kuposa mmene tinachezera pafoni zaka zonse zija. Pochoka anabwereka kaukonde kuti akaonetse ana a m'kalasi mwake, ndipo mpaka pano sanabweze.

Mwezi watha alongo anga analuka mono wansungwi, osauza munthu, n'kukautchera pachitsa paja. Masiku awiri oyamba anabwera ndi matemba odzaza kambale, n'kuwapatsa a Nachone ngati kuti si kanthu. Tsiku lachitatu m'mawa anafika pakhomo nkhope itakwinyika, mono uli m'manja utabooka m'mbali. Ine ndi amama tinali pakhonde tikusankha nyemba.

"Taonani izi," anatero, n'kuuponya pansi. "Ntchito ya masiku atatu."

"Ndani wachita, ana?" ndinafunsa.

"Ana ati? Katumbu. Mapazi ake ali pamchenga ponseponse, ndipo wasiya mitu yokhayokha pamwala."

Amama anasiya nyemba. Anawafunsa kawiri ngati aonetsetsa, ngati sanali mapazi a galu. Alongo anga anati galu sadya nsomba n'kusiya zitosi za mamba ndi zigoba za nkhanu pamwamba pa mwala. Pamenepo amama anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kutsokomola.

"Mukuseka, amama? Mono wanga wawonongeka."

"Wakuba sapita kunyumba yopanda kanthu, Wongani," anatero akupukuta misozi. "Luka wina."

Alongo anga anaima pang'ono akuyang'ana mono uja, kenako anandiuza kuti nditenge chikwanje tikadule nsungwi. Panjira anati chaka chino, mvula ikayamba, tikhoza kuwonjezera mapazi awiri, poti mzere wa m'mphepetewo umabala tomato wonyozeka kale.

Zaka zonse ndili kwa eni ndinkaganiza kuti kwathu kuli chikhalire, kukudikira ine ndi ndalama zanga, ndipo pobwera ndinkayesa ndabwera ndi nzeru zimene kuno kulibe. Ndinapeza kuti nzeruzo zinalipo kale, zikutunga madzi kumatanthwe tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chinkazitsekera pakamwa ndinali ine, munthu wakutali amene aliyense ankaopa kumukhumudwitsa. Iwo ankandisunga ine monga mmene ine ndinkaganizira kuti ndikuwasunga iwo, tonse tikubisirana mabala. Rudo anandiimbira posachedwapa kuti ntchito ija yapezeka. Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti apatse wina, ine kuno ndili ndi mitengo yoti ndiitchinjirize ku mbuzi mpaka itakula.